Zengerezu wa pa Khirisimasi: Chifukwa Chake Timatanganidwa ndi Zokongoletsa Ntchito Zazikulu Zili Chikhalire

Mawu Oyamba

Chaka chilichonse mwezi wa Disembala ukangoyamba, mayi anga amatulutsa bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi. Bokosilo adabwera nalo ndi agogo anga aamuna pochokera ku migodi ya ku Joni. Muli zinthu zimene mlendo angazione ngati zinyalala: makhadi a Khirisimasi othetheka m'mbali, timipira tagalasi titatu, nyenyezi ya katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira, ndiponso tinsalu toluka toyala pa mipando. Bokosili likatsekulidwa, kunyumba kwathu kumakhala chisangalalo. Mayi amayamba kuluka tinsalu tatsopano potengera maluwa a takale, ine ndi mng'ono wanga timadula mapepala n'kumalumikiza maunyolo okoleka kudenga.

Chaka chatha ntchito imeneyi idatikomera kwambiri. Pofika pa 21 Disembala pabalaza pathu pamaoneka ngati m'tchalitchi pa tsiku la ukwati. Koma tsiku lomwelo, mayi atapita ndi nsalu ya diresi la mng'ono wanga kwa telala, adawaonetsa mulu wa nsalu za anthu ena n'kuwauza kuti, "Mayi, pepani, ngakhale nditasoka usiku wonse sindingaikwanitse. Mukadabwera nayo mwezi watha." Nsaluyo idagulidwa mu Okutobala. Pa Khirisimasi mwanayo adapita kutchalitchi ndi diresi lakale, misozi ili m'maso. Nanenso ndidali ndi mlandu wanga. Ndalama ya nkhuku adandipatsa kumayambiriro kwa mwezi, koma ndidapita kumsika pa 24, ndipo ndidabwerako ndi kankhuku kakang'ono pa mtengo umene masabata atatu m'mbuyomo ukadagula tambala wamkulu.

Mayi anga si aulesi. Amadzuka tambala woyamba, ndipo masiku onsewo manja awo sadakhale chete. Nanga zidatheka bwanji kuti anthu otanganidwa chonchi alephere ntchito zimene ankazidziwa bwino kuti n'zofunika? Cholinga cha nkhani ino ndi kuyankha funso limeneli. Tiyamba taona tanthauzo la kuzengereza, kenaka mbiri ya zokongoletsa zakale ndi chikoka chake. Tionanso zimene akatswiri a kaganizidwe ka munthu apeza, chifukwa chake Khirisimasi ya kuno kwathu imalanga wozengereza, ndi njira zimene zingatithandize popanda kutaya luso la manja.

Kodi Kuzengereza N'chiyani?

M'Chichewa muli mawu angapo oyandikana amene tiyenera kuwasiyanitsa. Kuchedwa kumatha kuchitika popanda munthu kufuna, monga pamene basi yafa panjira. Ulesi ndi kusafuna kugwira ntchito ina iliyonse. Kudekha ndi kudikira mwadala chifukwa nthawi yabwino sidakwane, ndipo makolo athu ankakuyamikira ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuzengereza n'kosiyana ndi zonsezi. Wozengereza ntchito amaifuna, mpata ali nawo, amadziwanso kuti akapanda kuigwira lero adzavutika, komabe amaikankhira mtsogolo. Piers Steel wa ku yunivesite ya Calgary ku Canada, amene mu 2007 adasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wambiri pa khalidweli, adalitanthauzira m'njira yomweyi: kuchedwetsa mwakufuna ntchito imene udalinga kuichita, ngakhale ukuyembekeza kuti kuchedwako kukupweteka.

Ziyankhulo zambiri zimalumikiza khalidweli ndi mawa. Mawu a Chingerezi akuti "procrastination" adachokera ku Chilatini, kumene "pro" amatanthauza kutsogolo ndipo "cras" amatanthauza mawa. Chichewa chidalipatsa khalidweli dzina ngati munthu, m'mwambi wakuti Zengerezu adalinda kwawukwawu. Dzina lakuti Zengerezu lachokera ku mneni kuzengereza, ndipo kwawukwawu ndi mvekero wa kukwawa. Munthu amene akadayenda choongoka nthawi ilipo, mapeto ake amakwawa.

Palinso chinthu china m'malamulo a chiyankhulo chathu chimene chimapatsa Zengerezu pobisala. Tikati "ndigula nkhuku", womva amayembekeza kuti tigula lero kapena posachedwa. Tikati "ndidzagula nkhuku", mphatikira -dza- waitumiza ntchitoyo ku nthawi ya mtsogolo yopanda tsiku. Chiganizocho chimamveka ngati lonjezo, koma palibe angatigwire nacho bodza, chifukwa mtsogolo simutha. Amene angamvetsere zokambirana za m'mabanja mu Novembala adzamva -dza- wambiri: tidzapaka laimu, tidzapita kuchigayo, tidzawatumizira agogo kangachepe. Sikuti chiyankhulo ndicho chimatichititsa kuzengereza, popeza anthu a ziyankhulo zonse amazengereza. Koma chimationetsa bwino pamene pali vuto: lonjezo lopanda tsiku.

Mbiri ya Zokongoletsa Zakale

Kuti timvetse chikoka cha bokosi lija, ndi bwino kudziwa kumene zinthu zotere zidachokera. Zambiri mwa zokongoletsa za Khirisimasi zimene timaziona ngati zamakedzana zidafala m'zaka za m'ma 1800 ku Ulaya ndi ku America. Chakale kwambiri ndi chifanizo cha khola limene Yesu adabadwiramo. Mu 1223, Francis Woyera wa ku Assisi adakonza khola lokhala ndi udzu, ng'ombe ndi bulu zenizeni m'mudzi wa Greccio ku Italy, kuti anthu wamba aone ndi maso nkhani imene ankangoimva.

Mtengo wa Khirisimasi udali mwambo wa ku Germany. Udatchuka ku Britain nyuzipepala ya Illustrated London News itasindikiza mu 1848 chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert ndi ana awo atazungulira mtengo wokongoletsedwa. Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsa lidatuluka ku London mu 1843. Adaliitanitsa ndi Henry Cole, adalijambula ndi John Callcott Horsley, ndipo adasindikiza makhadi 1,000. Timipira tagalasi tidayamba kupangidwa pakati pa zaka za m'ma 1800 m'tauni ya Lauscha ku Germany, kumene mabanja ankaumba galasi lotentha poliuzira mpweya ndi pakamwa, ntchito yonse ikuchitikira m'nyumba zawo. Cha m'ma 1880 wamalonda wa ku America, F. W. Woolworth, adayamba kutigulitsa m'masitolo ake ndipo tidayenda malonda kwambiri. Mu 1882, Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, adakoleka mababu 80 amagetsi pa mtengo wa kunyumba kwake ku New York, m'malo mwa makandulo amene ankayambitsa moto m'nyumba zambiri.

Chochititsa chidwi n'chakuti zina mwa zokongoletsa zimene anthu osonkhanitsa zakale amazifuna kwambiri zidabadwa m'nthawi ya usiwa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zitsulo zidasowa ku America chifukwa zinkapita ku zida zankhondo. Timipira totchedwa Shiny Brite, timene Max Eckardt adayambitsa mu 1937, tidayamba kutuluka topanda utoto wasiliva m'kati, ndipo pokolekera pake ankaikapo katoni m'malo mwa kachitsulo. Ku Britain, kumene boma lidatulutsa kabuku kolimbikitsa anthu kukonza ndi kusoka zakale kotchedwa Make Do and Mend mu 1943, mabanja ankapanga zokongoletsa ndi mapepala otha ntchito. Zinthu zimene zidapangidwa chifukwa chosowa pogwira, lero ndi chuma cha m'mabanja.

Kuno ku Malawi Khirisimasi idafika ndi amishoni m'zaka za m'ma 1800, ndipo zokongoletsa zake zidakumana ndi luso limene lidalipo kale: kuluka mikeka, mphasa, madengu ndi malichero, kuumba mbiya, kusema mitengo, komanso kuzira nyumba ndi dothi lamitundumitundu. M'magulu a amayi a m'mipingo monga Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano, amayi ambiri adaphunzira kusoka ndi kuluka ndi ulusi. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a zaluso a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, adatchuka ndi zosema zoonetsa nkhani za m'Baibulo ndi nkhope komanso zovala za Chimalawi. Choncho pabalaza pa banja la Chimalawi pa Khirisimasi pamakumana miyambo iwiri. Kudenga kuli unyolo wa mapepala womatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa, pachingwe pali makhadi a zaka zapitazo, pansi pali mkeka watsopano, ndipo pakhonde pazilidwa ndi dothi lakuda.

Zinthu zimenezi zili ndi phindu lenileni. Khadi lakale limasunga zolemba za m'bale amene adamwalira. Kansalu koluka kamasunga maluwa amene agogo adaphunzitsa mayi. Mwana amene wadula mapepala pamodzi ndi makolo ake amaphunzira kuti chinthu chokongola munthu atha kuchipanga yekha, osadikira za m'sitolo. Nkhani ino sikunyoza ntchito zotere. Vuto lili pa nthawi imene timazigwira ndi ntchito zimene timazithawa pozigwira.

Chifukwa Chake Manja Amasankha Ntchito Yokoma

Pali zifukwa zinayi zimene zingatithandize kumvetsa zimene zidachitika kunyumba kwathu.

Choyamba, munthu amakokedwa ndi mphotho imene ili pafupi. Steel adapeza kuti anthu amazengereza kwambiri pa ntchito zosasangalatsa ndiponso pa ntchito zimene phindu lake kapena chilango chake chili kutali. Woluka amaona phindu la ntchito yake pompopompo. Ola likatha, duwa lina lawonjezeka pa kansalu, ndipo aliyense wolowa m'nyumba amayamikira. Kupereka nsalu kwa telala pa 10 Novembala kulibe chimwemwe chotere. Umayenda padzuwa, umanenerera mtengo, umapereka ndalama ya chikole, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Phindu lake lidzaoneka patatha milungu isanu ndi umodzi. Poyerekeza ziwirizi m'mawa wa Loweruka, mtima umasankha ulusi.

Chachiwiri, timathawa ntchito imene ikutipatsa nkhawa. Mu 2013, Fuschia Sirois ndi Timothy Pychyl adafotokoza kuti kuzengereza nthawi zambiri ndi njira yodzipepesera kwa kanthawi: ntchito ikatibweretsera mantha kapena manyazi, timaisiya kuti mtima ukhale pansi lero, ndipo mtolowo timausenzetsa munthu amene tidzakhale mawa. Tikaona bwino, ntchito za Khirisimasi zimene anthu amazengereza pafupifupi zonse zimakhudza ndalama kapena anthu ena. Kugula zakudya kumafuna kuti uwerenge zimene uli nazo, mwina n'kuvomereza kuti sizikwana. Kukonza ulendo wa kumudzi kumafuna kugwirizana kuti chaka chino mupita kuchimuna kapena kuchikazi, nkhani imene imayambanitsa mabanja ambiri. Kuitana alendo kumafuna kusankha woitanidwa ndi wosiyidwa. Mapepala ndi ulusi sizifunsa mafunso otere. Mayi anga adandiuza pambuyo pake kuti ankaopa kumva mtengo wosokera diresi, chifukwa ankadziwa kuti ndalama yomweyo ikufunikanso pa feteleza wobereketsa.

Chachitatu, ntchito yamanja imatipatsa chodzikhululukira chabwino. John Perry, katswiri wa filosofi wa ku yunivesite ya Stanford, adalemba nkhani yoseketsa koma yoona mu 1996, imene idamupezetsa mphotho ya nthabwala ya Ig Nobel mu 2011. Mfundo yake idali yakuti wozengereza sakhala chabe kawirikawiri. Amagwira ntchito zambiri zothandiza, malinga ngati ntchitozo zikumuthandiza kuthawa ina yofunika kwambiri. Ophunzira a pa yunivesite tikuzidziwa bwino zimenezi, popeza zipinda zathu zimakhala zaukhondo kwambiri sabata ya mayeso. Pa Khirisimasi msampha umenewu ndi woopsa chifukwa ntchito yothawirako ndi ya Khirisimasi yomweyo. Munthu wongoonera kanema tsiku lonse chikumbumtima chimamutsutsa. Koma amene wakhala akupanga nyenyezi ndi maunyolo amagona mokhutira kuti wakonzekera chikondwerero, chonsecho mpunga sudagulidwe.

Chachinayi, anthu timachepetsa nthawi imene ntchito idzatenge. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky adalitchula vutoli mu 1979. Mu 1994, Roger Buehler ndi anzake adafunsa ophunzira a ku Canada kuti adzamaliza liti kafukufuku wawo wa chaka chomaliza. Pa avereji ophunzirawo adati masiku pafupifupi 34, koma adatenga masiku oposa 55. Vutoli limakula tikaiona ntchito ngati chinthu chimodzi. "Kukonzekera Khirisimasi" kumamveka ngati ntchito ya masiku awiri. Tikaigawa timapeza kuti muli ntchito khumi kapena kuposa, ndipo ina imadalira inzake.

Khirisimasi Ili ndi Masiku Omalizira Ambiri

Cholakwa chachikulu cha Zengerezu ndi kuganiza kuti tsiku lomalizira ndi limodzi, la 25 Disembala. Zoona zake n'zakuti ntchito iliyonse ili ndi tsiku lake lomalizira, ndipo masiku ambiri otere amabwera msanga, osalembedwa pa kalendala.

Titenge thobwa mwachitsanzo. Kuphika kwake n'kwa tsiku limodzi kapena awiri, koma thobwa limafuna chimera. Chimanga, mapira kapena mawere ayenera kuviikidwa, kufunditsidwa kuti amere, kuyanikidwa mpaka aume, kenaka kusinjidwa kapena kugayitsidwa. Zonsezi zimatenga sabata kapena kupitirira, ndipo Disembala ndi nyengo ya dzinja, pamene dzuwa loyanikira silidalirika. Amene wakumbukira chimera pa 22 wachedwa kale, ndipo adzagula chakumsika pa mtengo umene wogulitsa angatchule. Nkhuni ndi chimodzimodzi. Zouma zimatoledwa mvula isadayambe.

Telala nayenso ali ndi tsiku lake. Makina ake ndi amodzi, manja ake ndi awiri, ndipo mu Disembala amalandira nsalu za Khirisimasi, za maukwati, komanso mayunifolomu a sukulu zotsegulira mu Januwale. Mzere ukadzaza, telala woona mtima amakana, pamene wina amalandira nsaluyo n'kumakuuza kuti ubwere mawa mpaka chaka chitatha. Kuchigayo kumakhala mzere wautali, ndipo magetsi akazima onse amadikira. Nkhuku zachikuda zimakwera mtengo chifukwa ozifuna amachuluka nthawi imodzi, komanso chitopa chimene chimavuta m'miyezi yotentha chimakhala chitapululako zina. Basi ndi minibasi zimadzaza ndi anthu opita kumudzi, ndipo amene wanyamuka mochedwa amalipira zambiri kapena kugona padepoti.

Pamwamba pa zonsezi, Khirisimasi ya kuno imagwa pakati pa ntchito za kumunda. M'madera ambiri mbewu zimadzalidwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, choncho masabata oyandikira Khirisimasi ndi a kupalira ndi kuthira feteleza. Ndi nthawinso imene nkhokwe zimayamba kupepuka ndipo mtengo wa chimanga umakwera. Patangotha masiku ochepa pamabwera fizi, makope ndi lendi ya Januwale. Kumayiko a kumpoto kumene miyambo yambiri ya zokongoletsa idachokera, Disembala ndi nyengo yachisanu, ya usiku wautali, pamene ntchito za kumunda zimakhala zitaima ndipo anthu amakhala m'nyumba. Kuluka ndi kudula mapepala kudayenerana ndi nyengo imeneyo. Ife tidalandira mwambowo m'mwezi umene nthawi ndi ndalama zimasowa kwambiri. N'chifukwa chake kuzengereza kwa kuno kumaluma kwambiri. Wogula mothamanga amagula modula, wosowa amakongola, ndipo ena amafika kwa akatapila. Chikondwerero cha tsiku limodzi chimasanduka ngongole yolipira mpaka nthawi yokolola.

Tsopano tiyerekeze zonsezi ndi ntchito yokongoletsa. Unyolo wa mapepala utha kupangidwa usiku wa pa 23 ndipo palibe chimene chingaonongeke. Sudikira mzere, sukwera mtengo, sufuna dzuwa. Apa ndiye pagona nkhani. Ntchito imene itha kudikira ndi imene timaiyamba msanga, ndipo imene singathe kudikira ndi imene timaisiyira kumapeto.

Njira Zothandiza

Kudzitukwana kuti ndife aulesi sikuthandiza, chifukwa kumangowonjezera nkhawa imene idatichititsa kuthawa poyamba paja. Pali njira zina zimene kafukufuku waonetsa kuti zimagwira ntchito, ndipo sizilira ndalama.

Njira yoyamba ndi kuigawa ntchito. Mu 2004, Justin Kruger ndi Matt Evans adachita kafukufuku amene mbali yake ina idali yokhudza kugula mphatso za nyengo ya Khirisimasi. Adapeza kuti anthu amene adayamba alemba aliyense wofuna kumugulira mphatso ankapatsa ntchitoyo nthawi yochulukirapo kusiyana ndi amene adangoiganizira ngati chinthu chimodzi. Banja litha kuchita chimodzimodzi ndi pepala limodzi kumayambiriro kwa Novembala. M'malo molemba kuti "zakudya", lilembe mpunga, mafuta ophikira, shuga, nkhuku, chimera, nkhuni. M'malo molemba kuti "zovala", lilembe kugula nsalu, kuyeza mwana, kupereka kwa telala, kukatenga.

Njira yachiwiri ndi kufunsa funso limodzi pa ntchito iliyonse: kodi imeneyi ili m'manja mwanga ndekha, kapena ikudalira munthu wina, nyengo kapena msika? Zonse zodalira telala, wachigayo, dzuwa, basi kapena mitengo ya pamsika zikhale patsogolo. Zimene zili m'manja mwathu, monga kuluka, kudula mapepala ndi kukoleka makhadi, zibwere pambuyo.

Njira yachitatu ndi kuchotsa -dza- uja pomupatsa tsiku, nthawi ndi malo. Kafukufuku wina wodziwika bwino pa nkhaniyi adachitika pa Khirisimasi pomwe. Peter Gollwitzer ndi Veronika Brandstätter, m'zimene adafalitsa mu 1997, adapempha ophunzira a ku Germany kuti alembe lipoti la mmene adathera tsiku la pa 24 Disembala, ndipo alilembe pasadathe masiku awiri. Gulu lina adaliuza kuti lisankhiretu nthawi ndi malo olembera, gulu lina sadaliuze. Mwa amene adasankhiratu, 71 pa 100 alionse adalemba m'nthawi yake, pamene mwa enawo adali 32 okha pa 100. Kusiyana kwake kudali pa chiganizo chimodzi. "Ndidzapita kwa telala" ndi chikhumbo chabe. "Loweruka lino ndikachoka kumsika ndipita kwa telala ndi mwana kuti akamuyeze" ndi dongosolo.

Njira yachinayi ndi kusandutsa ntchito yamanja kukhala mphotho. Popeza kuluka ndi kukongoletsa kumatikomera, titha kupangana kuti bokosi la zakale litsekulidwa pokhapokha ntchito zitatu zoyamba pa pepala lija zitatha, kapena kuti ulusi ugwiridwa madzulo okha, masana atapita ku ntchito zofuna kuyenda. Mwanjira imeneyi chikoka chomwe chija chimene chinkatichedwetsa chimayamba kutikankha.

Njira yachisanu ndi kukambirana za ndalama msanga ndiponso poyera. Ngati chimene tikuthawa ndi mantha akuti sizikwana, ndi bwino kuzidziwa mu Novembala, pamene mpata wosintha ulipo. Mwana atauzidwa nthawi ilipo kuti chaka chino diresi latsopano kulibe, koma lakale lisokedwa bwino ndi kuikidwa lamba watsopano, amamva. Chimene chimamupweteka ndi kulonjezedwa, kuiona nsalu m'nyumba miyezi iwiri, kenaka n'kukhumudwa m'mawa wa tsikulo. Pamenepa luso la manja lithanso kutipulumutsa. Kansalu koluka, dengu kapena khadi lojambula pamanja ndi mphatso yabwino kwa azakhali kapena agogo, ndipo imachepetsa zogula. Kusiyana kwake n'kwakuti luso likhale mbali ya dongosolo, osati pothawira dongosolo.

Tiyenera kuvomerezanso kuti si kuchedwa konse kumene kuli kuzengereza. Mabanja ambiri amagula mochedwa chifukwa malipiro a Disembala, ndalama za ganyu, gawo la ku banki m'khonde kapena thandizo la abale a kunja zimafika mochedwa. Amenewa si Zengerezu, ndipo kuwadzudzula n'kulakwa. Komabe ngakhale iwo ali ndi ntchito zosalira ndalama zimene zitha kuchitika msanga, monga kutola nkhuni, kuviika chimera, kusungitsa malo kwa telala ndi kugwirizana za ulendo.

Mawu Otsiriza

M'nkhani ino taona kuti kuzengereza pokonzekera Khirisimasi n'kosiyana ndi ulesi. Kumachitika ngakhale kwa anthu akhama, chifukwa ntchito yokongoletsa imalipira msanga, imatonthoza mtima, ndipo imaoneka ngati kukonzekera kwenikweni. Taonanso kuti zokongoletsa zakale zili ndi mbiri yaitali komanso phindu pa banja, ndipo kuti kuno kwathu vuto limakula chifukwa chikondwererochi chimagwa m'dzinja, pamene telala, chigayo, msika ndi munda zonse zili ndi masiku awoawo omalizira.

Diresi la mng'ono wanga lidasokedwa mu Januwale, ndipo adalivala pa Pasaka. Titakambirana za nkhaniyi, mayi adaseka n'kunena kuti, "Mwananga, ine ndinkaona ngati ndikugwira ntchito." Ankanena zoona, ntchito ankagwiradi. Tidagwirizana kuti chaka chino pepala la ntchito likhomedwa pachitseko cha kabati pa 1 Novembala, ndipo kiyi wa bokosi lachitsulo asunga ndi mng'ono wanga. Adzatipatsa akadzaona chiphaso cha telala chili m'manja.